Gulugufe wa Lamba Wotakata ndi Nkhalango ya ku Sikisi

Ana anga, Esinati ndi Mphatso, mwakhala mukundiumiriza kuti ndilembe za ntchito yanga maso asanatheretu. Za ubwana wanga ku Kapichi palibe chachilendo. Ndinkalima chinangwa ndi nandolo monga anzanga onse, ndipo sukulu ndinalekezera folomu thuu. Ndiyambira tsiku limene ndinavala ovolosi ya kampani, mpaka ndifike pa nkhani ija mumangoimva m'zidutswa, ya chimene chinandichotsa ku Sikisi.

Chaka choyamba

Ndinalowa pa esiteti ndili ndi zaka makumi awiri ndi zinayi, nditangokwatira amayi anu. Dzinja limodzi ndinathyola tiyi, dengu kumsana, koma manja anga anali olemera. Azimayi ankapita kusikelo kawiri ine ndisanadzaze n'kamodzi komwe. Kapitawo wathu ataona kuti kuthyola kwandikanika koma cholembera ndimachigwira bwino, ananditumiza ku ulonda wa nkhalango. Anandipatsa ovolosi yobiriwira, chikwanje, ndi jombo zosiyana saizi. Ya kumanzere ndinkaikamo nsanza kuti isavuke.

Nkhalango yake inali ya ku Sikisi, yotchedwa choncho chifukwa inagundana ndi munda wa tiyi nambala sikisi. Oswa minda akale anaisiya chifukwa kumunsi kwake kumatumphuka kasupe amene amamwetsa anthu a kumalayini, nyumba za antchito zija munabadwiramo. Siinali yaikulu, munthu woyenda bwino ankaizungulira ola limodzi ndi theka. Koma mikweranyani ndi mbawa zake zinali zoti anthu atatu ogwirana manja sakanatha kuzikumbatira. Ukalowamo masana a mu Okutobala, thukuta linkauma lokha, ndipo chiperoni chikagwa madontho ankapitiriza kugwa m'masamba tsiku lonse kunja kutayera kale.

Kumeneko ndinapeza mlonda wamkulu, a Namakhwa. Anali aafupi, a mawu aukali, ndipo makolo awo anachokera ku Mozambiki. Nkhani ankaiyamba m'Chichewa, ikawakoma n'kuimalizira m'Chilomwe. Ine ankanditcha mwanaka, ndiye kuti mwana wanga. Kuwerenga sankadziwa. Ntchito yathu inali yothamangitsa odula mitengo ndi kuonjola misampha ya agwape, koma iwo anali ndi lamulo lawolawo: mayi wotola nkhuni zouma zogwa zokha, iwo sankamuona. Ankangotembenukira kwina n'kuyamba kutsokomola mpaka mayiyo atasenza mtolo wake. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti pamodzi ndi chikwanje ankanyamulanso ukonde wa ndodo yaitali. Kale anagwirapo ntchito m'dimba la maluwa la manijala wina wachizungu amene ankasonkhanitsa agulugufe. Mzunguyo anabwerera kwawo kalekale, koma ukonde ndi chizolowezi zinatsala kwa a Namakhwa.

Sabata yachiwiri, tikupuma m'mphepete mwa tiyi, anandilozera agulugufe awiri ofiirira amene anali pa maluwa.

"Iwe Layitoni, pamenepo pali mitundu ingati?"

"Umodzi, bambo."

"Sukulu yonse ija, maso mulibe."

Anapukusa ukonde kawiri, onse awiri anali m'kati. Anandionetsa kagwiridwe kake: pachifuwa, ndi chala chachikulu ndi cholozera, osakhudza mapiko chifukwa fumbi lake likachoka silibwereranso. Woyambayo anali ndi timadontho takuda tingapo pakati pa phiko lakumbuyo. Wachiwiriyo anali ndi dontho limodzi lokha, ndipo m'mphepete mwa phiko lake munali mokhotakhota kwambiri. Anandiuza kuti woyambayo ndi wowawa, mbalame sizimudya, n'chifukwa chake amauluka mwamatama ngati mwini munda. Wachiwiriyo ndi wamkazi wa mtundu wina, wongobwereka malaya. Mwamuna wake ndi wakuda wa mabala oyera ngati mazira. Ndinkaganiza kuti akundinamiza, mpaka tsiku lina ndinawaona ndekha, wakuda uja akuthamangitsana ndi wofiirirayo.

Koma amene a Namakhwa ankawakonda anali a lamba. Awa ndi agulugufe aakulu, akuda bii, okhala ndi mzere wobiriwira wowala wodutsa mapiko onse ngati lamba. Amuna ake ankabwera cha m'ma teni kudzamwa pamchenga wonyowa wa pakasupe, mapiko akunjenjemera. Analipo mitundu iwiri. Wina lamba wake ndi wopyapyala, wofanana kukula kwake kuyambira kumtunda mpaka kumunsi. Winayo lamba wake ndi wotakata, amanka nakula akamatsikira kuthupi, ndipo ukamutembenuza, kunsi kwa phiko lakutsogolo kuli timadontho toyera tondandalika m'mphepete.

"Wopyapyalayu ndi wa paliponse," anatero a Namakhwa. "Mbozi zake zimadya masamba a mandimu kuseri kwa nyumba yako. Koma wotakatayu ndi mwininyumba muno. Kunja kwa nkhalango sapita. Ndiye umve, mwanaka: akamauluka usamanene kuti wamudziwa. Dzuwa limakulitsa lamba. Gwira, tembenuza, ona, kenaka um'masule."

Zaka zimenezo ndimazikumbuka kuposa zina zonse. Tinkanyamula kalongonda wophika m'kabigiri n'kumadya titakhala pamwala wa pakasupe, miyendo m'madzi. A Namakhwa ankandiyesa mayeso tsiku lililonse, ndipo ndikalakwa ankandilanda gawo langa la nthochi.

Chaka chachisanu ndi chinayi

Chaka chimenecho ogula tiyi a kunja anayamba kufuna umboni woti esiteti ikusamala nkhalango ndi mitsinje yake. Manijala wa nthawi imeneyo, a Chikopa, anatiitanitsa alonda tonse kuofesi. Anali munthu wamtali wokonda kuyankhula ataimirira, makiyi a galimoto akulira m'manja.

"Ndani pano amadziwa zamoyo za m'nkhalango zathuzi?"

Tonse tinayang'ana a Namakhwa. A Chikopa anawafunsa mafunso angapo n'kugwedeza mutu mokhutira. Kenaka anati, "Koma zimenezi ziyenera kulembedwa m'kope mwezi ndi mwezi. Mulemba, madala?"

A Namakhwa anayang'ana pansi. Umu ndi mmene udindo unagwera kwa ine. Anandipatsa dzina lakuti woyang'anira zachilengedwe, kope lachikuto cholimba, ndi buku lalikulu la zithunzi za agulugufe limene linapezeka m'nyumba yakale ya mamanijala, chiswe chitadya ngodya yake. A Namakhwa anakhala masiku awiri osandiyankhula. Tsiku lachitatu anandiponyera ukonde pamapazi.

"Tenga. Bwana wopanda ukonde ndi bwana wanji?"

Tinagwirabe limodzi zaka zina zitatu. Iwo ankaona, ine ndinkalemba. M'buku lija ndinaphunziramo mayina aatali a Chilatini, amene sindikuvutitsani nawo pano. A Namakhwa ankandiuza kuti ndiwawerengere, n'kumaseka mpaka misozi kuti kanthu kakang'ono choncho kangasenze bwanji dzina lotalika kuposa la mfumu.

Zipangizo kunalibe. Ukonde ukang'ambika, amayi anu ankadula neti yakale ya udzudzu n'kusokerera pa waya. Njinga anandilonjeza chaka chilichonse, ndipo ndinailandira nditasiya kuifunsa. Pali agulugufe ena amphamvu amene amakhala pamwamba pa mitengo, satsikira maluwa koma zowola. Amenewo tinkawakola ndi nthochi zovunda zosakaniza ndi masese. Vuto linali apusi. Ankadikira kuti tichoke, n'kudya nyambo yonse, ndipo masana tinkawapeza akugona panthambi ataledzera. Tsiku lina a Chikopa anandipeza ndikuchokera kwa mayi wofulula mowa nditanyamula chigubu nthawi ya ntchito. Ndinayesa kufotokoza, iwo osamva, mpaka ndinawatengera kumsampha. Ataona agulugufe asanu ndi awiri atazungulira nthochi, osathawa ngakhale uwakhudze, anaseka n'kunena kuti, "Antchito oledzera pa esiteti ino awonjezekanso."

Oyendera a kunja, otumidwa ndi ogula tiyi aja, atabwera, chimene chinawagwira mtima chinali wa lamba wotakata. Anati kupezeka kwake m'kankhalango kakang'ono chotero n'chizindikiro choti kasungidwa bwino. A Chikopa anaitanitsa wolemba zikwangwani wa kuboma, amene anajambula gulugufeyo pakhomo la Sikisi, lamba wake wotakata ngati chitenje. Alendo anayamba kubwera, ana a sukulu ndi azungu a makamera, ndipo ine ndinkawatsogolera. Esinati, unali sitandade fayifi pamene kalasi yanu inabwera, ndipo unauza mnzako aliyense kuti awo ndi bambo anga.

A Namakhwa atapuma ntchito n'kubwerera kwawo ku Chimaliro, anandisiyira kabokosi kagalasi. Munali wotakata mmodzi wouma, wobayidwa ndi singano, amene anamugwira okha m'masiku a mzungu uja. Ndinakasunga m'sutikesi pansi pa bedi.

Zaka zimene phiri linayera

Munaona nokha mmene nkhalango ya paphiri la Thyolo inathera. Chaka ndi chaka minda inkakwera, utsi unkafuka chilimwe chonse, mpaka phiri linatsala lofiira. Sindiweruza munthu. Ena mwa amene anakalima kumeneko anali abale anga, ndipo kumudzi malo anali atatha. Koma ife a ku Sikisi tinatsala ngati chilumba pakati pa tiyi. Mbalame zina zimene ndinkazimva m'mawa zinaleka kumveka, ndipo masamba a pansi anayamba kuuma msanga.

Apa ndiyenera kunena chimene ndinalakwa. M'zaka zimenezo ndinasiya kugwira a lamba. Sindinasiye tsiku limodzi ayi. Poyamba ndinkagwira mmodzi mwa atatu, kenaka mmodzi pamwezi, kenaka basi. Alendo ankanditcha katswiri, ndipo ndinakhulupirira. Ndikaima pakasupe, wa lamba akadutsa padzuwa mzere wake ukung'anima, ndinkaloza ndi chala n'kunena kuti, "Uyo wotakata!" Alendo ankaomba m'manja, ine n'kulemba m'kope: wotakata, awiri. Mawondo anali atayamba kuvuta, ukonde unkakhala kunyumba. Palibe amene akananditsutsa, chifukwa munthu yekhayo wodziwa anali ku Chimaliro.

Chaka cha makumi awiri ndi zitatu

A Chikopa atasamutsidwa kunabwera manijala wamkazi, mayi Kamwendo. Anali woyamba wamkazi pa esiteti yathu, wosakonda mawu ambiri, woyenda m'minda ndi jombo ngati ife. Tiyi sankayenda bwino pamsika, antchito ambiri ankaimitsidwa chilimwe, ndipo eni kampani anaganiza zodzala mitengo ya makadamiya paliponse pamene pali malo abwino. Kumtunda kwa Sikisi kunali kosalala, dothi lakuda lakuya. Analamula kuti kudulidwe.

Mayi Kamwendo anakana. Anatenga makope anga onse, anawatumiza kwa eni kampani, n'kuwauza kuti oyendera akamva zoti nyumba ya gulugufe uja yadulidwa, ogula tiyi atithawa. Eni kampani anayankha kuti aona kaye umboni watsopano. Ndiye anandiitana.

"A Mulepa, makope anu ndi amene aimitsa macheka. Chatsala n'chithunzi chimodzi chooneka bwino, chojambulidwa chaka chino. Zitheka?"

"Zimenezo n'za mawa lomwe, bwana," ndinatero.

Unali mwezi wa Malichi, mvula ikutha, nyengo imene a lamba amachuluka. Esinati, ukukumbuka kuti unandibwereka foni yako uli patchuthi cha kukoleji, n'kundiphunzitsa pokanikiza. Amayi anu anasoka ukonde watsopano. M'mawa mwake ndinafika pakasupe, a lamba anayi ali pamchenga. Ndinasankha amene ndinali wotsimikiza kuti ndi wotakata, ndinamuphimba, ndinamugwira pachifuwa. Lamba wake anali wopyapyala. Ndinamutembenuza, timadontho panalibe. Ndinaseka ndekha n'kumumasula. Ndinagwira wachiwiri, chimodzimodzi. Wachitatu, chimodzimodzi.

Masabata atatu ndinazungulira Sikisi yense, kumtunda ndi kumunsi, m'malo onse amene ndinkawadziwa ndi a Namakhwa. Ndinagwira a lamba khumi ndi asanu ndi anayi. Onse anali a m'mandimu. Amene ankaoneka wotakata kwambiri pouluka, ndinamuthamangira mpaka kugwa m'thope, anali wamkazi wa mtundu womwewo. Ndinakhala pamwala uja n'kutsegula kope. Ndinayesa kukumbuka tsiku lomaliza limene ndinagwira wotakata m'manja n'kuona timadontho take. Sindinalikumbuke.

Loweruka ndinatulutsa kabokosi ka a Namakhwa m'sutikesi. Ndinapita nako m'nkhalango, ndinazula singano, ndinamuika gulugufe wouma uja patsamba lonyowa pamalo a mthunzi. Kanyanga kake kamodzi kanali katathyoka, choncho ndinajambula chakumbali. Chithunzi chinatuluka bwino moti ine ndemwe ndikanakhulupirira.

Lamulungu titaweruka kutchalitchi ndinawaonetsa amayi anu. Anali pakhonde akusenda chinangwa. Ndinawafotokozera zonse, osabisa. Anayang'ana foniyo nthawi yaitali, n'kundibwezera.

"Bambo a Esinati, chaka chamawa akadzafunanso china, mudzamuika patsamba liti?"

"Koma mukudziwa kuti ndikanena zoona adula. Madzi aja ndi anu omwe."

"Madzi timatunga ndife, zoona. Koma musatiike patsogolo ife. Inu chikukuvutani n'chakuti anthu adziwa kuti katswiri ankalemba zimene sanazione."

Mawu amenewo anandipweteka chifukwa theka lake linali loona. Theka linalo linali mitengo ija, imene ndinaidziwa umodziumodzi. Ndinawafunsa kuti iwo akanatani. Anati iwo si amene anapatsidwa kope, n'kupitiriza kusenda.

Lolemba m'mawa ndinalowa muofesi ndisanasankhe chochita. Ndinangopereka foni. Mayi Kamwendo ataona chithunzicho nkhope yawo inawala, chinthu chimene sindinachionepo.

"Mwagwira ntchito, a Mulepa. Ndichitumiza pompano."

Anatenga foni yawo kuti achisamutse. Ndinaona zala zawo zikuyenda, ndipo pakamwa panga panatseguka.

"Bwana, dikirani. Ameneyo ndi wakufa. Anagwidwa ine ndisanayambe ntchito. Ndinachita kumuika patsambapo."

Anaika mafoni onse awiri patebulo. Ndinawauza za masabata atatu aja ndi za ukonde umene unkakhala kunyumba.

"Zaka zingati mwakhala mukulemba chonchi?"

"Sindikudziwa, bwana. Mwina zisanu. Mwina khumi."

"Ndiye ine ndakhala ndikulimbana ndi eni kampani nditanyamula mphepo?"

Anadzuka n'kukaima pawindo. Kunja thirakitala ya masamba inkadutsa kupita kufakitale, ndipo anadikira mpaka phokoso lake litatha.

"Mukanangokhala chete, ndikanatumiza ndi mtima woyera. Tsopano mwandisenzetsa nanenso. Fufutani chithunzicho ndikuona. Ndikupatsani mwezi wina umodzi. Mukam'peza wamoyo, mubwere naye m'manja."

Mwezi umenewo ndinkalowa m'nkhalango mame asanakamuke n'kutuluka dzuwa litapendeka. Sindinam'peze. Mayi Kamwendo analembera eni kampani zoona zake. Ndinamva pambuyo pake kuti anachondererabe, ponena za kasupe ndi za mitengo yakale, koma mawu awo anali atapepuka chifukwa cha makope anga.

Zaka zisanu ndi ziwiri zomaliza

Anadula mu Ogasiti. Kumunsi, kuzungulira kasupe ndi m'mbali mwa kamtsinje, anasiyako, koma kumtunda konse kunapita. Ine anali atandisamutsira kale ku ulonda wa mabulugamu, nkhuni za kufakitale, kutsidya lina la esiteti. Sanandichotse ntchito, sananditsitse malipiro, anangonditumiza kumene kulibe cholemba. M'mabulugamu mulibe kanthu, ana anga. Pansi pake ndi pouma, ndipo ukhoza kuyenda tsiku lonse osakumana ndi gulugufe. Mphepo ikachokera kumpoto ndinkamva macheka a injini, kenaka phokoso la mtengo ukugwa, lomveka m'mapazi. Chikwangwani chija anachizula, ndipo ndinadzachiona chitasanduka chitseko cha khola la mbuzi kumalayini.

Mvula yoyamba itagwa, madzi a pakasupe anafiira kwa masabata angapo. Mayi wina woyandikana nafe, amene tinkapemphera naye mpingo umodzi, anatha chaka osandipatsa moni. Koma mlamu wanga, amalume anu a Fakisoni, amene ankaimitsidwa ntchito chilimwe chilichonse, analembedwa yokhazikika m'munda watsopanowo, ndipo ana awo anamaliza sukulu. Zonse ziwirizi zinachitika, ndipo ndazilemba zonse.

Chaka chotsatira ndinakwera njinga kupita ku Chimaliro. A Namakhwa ndinawapeza pansi pa mtengo wa mapeyala, maso atachita ng'ala, koma anandizindikira mawu ndisanamalize moni. Nkhani anali ataimva kale. Anandiuza kuti ndiifotokozebe ndekha, ndipo anamvetsera osandidula, chinthu chosazolowereka kwa iwo. Nditamaliza anafunsa za mbawa yaikulu imene inali kumtunda, ya mphako ya njuchi.

"Inapita, bambo."

"Nanga mkweranyani wopendekeka uja?"

"Unapitanso."

Ndinkayembekeza kuti anditonthoza, kapena andikalipira chifukwa chosiya ukonde.

"Ine ndikananama," anatero.

"Bambo?"

"Ndikananama, mwanaka. Dzina la munthu likada limachapika. Mbawa ija inamera agogo anga asanawoloke malire. Iwe unayeretsa dzina lako, chabwino. Nanga mitengo inalakwa chiyani?"

Ndinawauza kuti bodzalo likanaululika tsiku lina, ndipo pamenepo akanadula zonse, ndi kumunsi komwe. Anati mwina. Anatinso mwina likanaululika iwo ndi ine titafa kale, mitengo ikadalipo. Sitinagwirizane. Koma sanandilole kuchoka ndisanadye, ndipo tinakhala mpaka dzuwa kupendeka tikukumbutsana za apusi oledzera ndi za jombo zanga zosiyana saizi. Anaseka mpaka kutsokomola. Pochoka anandigwira dzanja osafuna kulisiya, n'kundiuza kuti masiku abwino a moyo wawo anali a pamwala uja. Anamwalira dzinja lotsatira.

Amayi anu mpaka lero amati ndinachita bwino, kungoti ndinachedwa zaka khumi. A Namakhwa anati ndinalakwa. Awiriwa ndi anthu amene ndinawalemekeza kuposa onse, ndipo sindikulembereni kuti mlandu wake ndinauthetsa. Chimene ndikudziwa motsimikiza n'chimodzi: ndikanakhala ndikugwira a lamba zaka zonse zija, ndikanaona msanga kuti wotakata akuchepa, ndipo mwina tikanachitapo kanthu nthawi ikadalipo. Tchimo langa silinali la Lolemba lija muofesi. Linali la m'mawa uliwonse umene ndinasiya ukonde kuseri kwa chitseko.

Ndinapuma ntchito nditakwanitsa zaka makumi atatu pa esiteti. Mwambo wake unachitikira pabwalo la kufakitale. Tinali opuma asanu ndi mmodzi. Azimayi othyola tiyi anaimba, kapitawo wina anayankhula motalikitsa, ndipo aliyense wa ife analandira bulangeti ndi wailesi. Mayi Kamwendo anali akadali manijala, imvi zitayamba. Chichokereni ku Sikisi tinkangopatsana moni wa pamsewu. Anthu akubalalika ananditsatira kunjinga n'kundipatsa kapepala kokulungidwa.

"Izi ndi zokolola zoyamba za kumtunda kwa Sikisi," anatero motsitsa mawu. "Sindikukunyozani, a Mulepa. Ndinaona kuti si bwino kuti muchoke musanazione."

Ndinalandira ndi manja awiri n'kuthokoza. Anandigwira paphewa n'kubwerera.

Kunyumba ndinakaika kapepalako pawindo, ndipo kanakhala pamenepo masabata awiri osatsegulidwa. Mphatso, ana ako ndi amene anakapeza mutabwera kudzationa. Anakatsegula osafunsa, n'kukhala pakhonde akutafuna mtedza wa makadamiya umene unalimo, akulimbirana. Wamng'ono uja anabwera n'kundiikira njere ziwiri m'dzanja. Amayi anu ankandiyang'ana ali pakhomo. Ndinadya. Sindikunamizani, ana anga, zinali zokoma.